Kodi Ulusi wa M'mapesi Ungalimbitse Jumbo ya Chinangwa?

Malamulo oletsa majumbo opyapyala anakhazikitsidwa m'dziko muno la Malawi m'chaka cha 2015, ndipo amakaniza kupanga, kuitanitsa kunja, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito pulasitiki amene kukhuthala kwake sikufika ma micron 60 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Makampani opanga majumbowa anathamangira kukhoti, bwalo lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chilibe vuto, kenaka milandu ina inabukanso, koma m'zaka zonsezi mayi wogulitsa usipa pa msika wa Kasungu sanayankhidwe funso lake lakuti malonda ake azikulunga m'chiyani. Yankho limene limazungulira kwambiri pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp ndi la majumbo opangidwa kuchokera ku chinangwa, onga amene amapangidwa ku Indonesia, ndipo kawirikawiri uthengawo umatha ndi dandaulo lakuti ife chinangwa tili nacho koma tikugona. Popeza ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, mauthenga otere amandipeza pafupipafupi limodzi ndi funso lakuti kodi zimenezi n'zotheka kuno. N'zotheka ndithu, koma pali zambiri zimene mauthengawo sanena.

Kupanga kapepala ka sitachi si ntchito yovuta, ndipo ophunzira angathe kuichita pa mbaula. Timasungunula sitachi wa chinangwa kapena wa chimanga m'madzi, timathiramo glycerine, yemweyu amene anthu amadzola m'nyengo yozizira, n'kumatakasa pamoto. Kutentha kukafika pakati pa madigiri 60 ndi 70, timibulu ta sitachi timamwa madzi, timatupa n'kuphulika, ndipo madziwo amasanduka phala lonanda. Phala limeneli likayalidwa mopyapyala pagalasi n'kusiyidwa kuti liume, limamatuka lili kapepala koonekera mkati. Sitachi ndi maunyolo ataliatali a shuga wa glucose, ndipo maunyolowa alipo amitundu iwiri: amylose, amene alibe nthambi zambiri, ndi amylopectin, amene ali ndi nthambi zochuluka. M'chimanga amylose amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, pomwe m'chinangwa amachepera pang'ono. Ntchito ya glycerine ndi kulowa pakati pa maunyolowo kuti asagwirane mothina, pakuti popanda iye kapepalako kamang'aluka kasanachoke n'komwe pagalasi.

Tsiku loyamba kapepalako kamasangalatsa, koma khalidwe lake lenileni limaoneka m'masabata otsatira. Sitachi amakonda madzi kwambiri, ndipo amawakoka ngakhale kuchokera mumpweya, kotero kuti kulimba kwa kapepala kamodzi komweko kumasintha ndi nyengo. M'mwezi wa Okutobala, pamene mpweya wa kuno umakhala wouma gwaa, kamathetheka mukangokapinda. Ikafika Januwale kamalobodoka, kamamata m'manja, ndipo kakakhalitsa m'kabati kamachita chuku. Palinso kukalamba. Maunyolo amene anamasuka pophika amabwererana pang'onopang'ono n'kuyamba kundandalikana mwadongosolo, uku akufinyira madzi ndi glycerine kunja, ndipo zimenezi ndi zomwezo zimene zimachitika nsima ikagona n'kusanduka mkute wolimba wong'aluka m'mbali. Jumbo imene ikusintha chonchi ili m'sitolo, isananyamule ngakhale tomato mmodzi, palibe wamalonda amene angaipikule kachiwiri.

Apa ndi pamene cellulose, ulusi umene umalimbitsa mapesi ndi mitengo, amalowera, ndipo chochititsa chidwi n'chakuti iye ndi sitachi ndi pachibale. Katswiri wa ku France, Anselme Payen, anamupatula ku zomera mu 1838, ndipo nayenso ndi unyolo wa glucose. Kusiyana kuli pa kalumikizidwe kokha. Mu sitachi timagawo ta shuga timalumikizana moyang'ana mbali imodzi, unyolowo n'kupiringizika, pomwe mu cellulose kagawo kalikonse kamagona chotembenuka poyerekeza ndi kanzake, unyolowo n'kuwongoka. Maunyolo owongokawa amagona moyandikana n'kugwirana m'malo ambirimbiri, moti ngakhale madzi owira sangawasungunule. N'chifukwa chake munthu amagaya ufa koma sangagaye phesi, pomwe ng'ombe imaligaya mothandizidwa ndi tizilombo ta m'chifu mwake. M'khoma la selo la chomera, maunyolo amenewa amamangidwa m'timitolo topyapyala kwambiri, ndipo timitoloti timakutidwa ndi hemicellulose ndi lignin, zimene zimamata zonse pamodzi.

Nanocellulose ndi timitolo tomweti titamasulidwa n'kukhala patokha. Kuchepa kwake n'kovuta kukuganizira. Milimita imodzi muli ma nanometer 1,000,000, tsitsi la munthu limakhuthala ma nanometer pafupifupi 70,000, pomwe kaulusi kamodzi ka nanocellulose kamakhala ndi ma nanometer ochepa chabe, mwina 5, mwina 20. Mbali zake zimene maunyolo anandandalikana bwino zimauma modabwitsa, kutanthauza kuti sizipindika kapena kutamuka msanga: pa muyezo wa kuuma kotereku, akatswiri amaziyerekeza pa ma gigapascal 130 mpaka 150, pomwe chitsulo chili pa 200 koma n'cholemera pafupifupi kasanu. Sitachi wofewetsedwa ndi glycerine nthawi zambiri safika ngakhale pa gigapascal imodzi. Manambala amenewa ndi amene amakopa ofufuza, pakuti amasonyeza kuti pang'ono pokha pa chinthu chouma choncho pangasinthe kwambiri chinthu chofewa.

Njira zomasulira timaulusiti zilipo ziwiri zikuluzikulu, ndipo zimatulutsa zinthu zosiyana. Yoyamba ndi ya asidi, imene Bengt Rånby wa ku Sweden anaifotokoza cha m'ma 1950. Cellulose woyeretsedwa amamizidwa mu sulfuric acid wamphamvu, kawirikawiri wa 64 peresenti, pa madigiri 45, kwa nthawi yosakwana kapena yongofika ola limodzi. Asidiyo amadya mbali zosandandalikana bwino n'kusiya timitengo tatifupi towongoka, totalika ma nanometer mazana ochepa, timene amati cellulose nanocrystals. Njira yachiwiri ndi yopera ndi makina. Albin Turbak ndi anzake a ku kampani ya ITT Rayonier ku America anaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kuti phala la mitengo likakankhidwa mobwerezabwereza pa kampata kakang'ono ndi mphamvu yaikulu, limanyenyeka n'kukhala timaulusi tatitali topindika, tolukanalukana. Njirayi inkadya magetsi ochuluka kwambiri moti kwa zaka pafupifupi 20 siinapite patali pamalonda, kufikira pamene ofufuza anapeza njira zofewetsera ulusiwo usanaperedwe. Yotchuka mwa izo ndi ya mankhwala a TEMPO, imene Akira Isogai ndi Tsuguyuki Saito a ku yunivesite ya Tokyo anaitulutsa mu 2006, ndipo mu 2015 iwowa pamodzi ndi Yoshiharu Nishiyama analandira mphoto ya Marcus Wallenberg chifukwa cha ntchito imeneyi.

Kusakaniza nanocellulose ndi sitachi n'kosavuta kusiyana ndi kumusakaniza ndi pulasitiki wa mafuta a pansi. Pulasitiki wamba amadana ndi madzi, pomwe nanocellulose amawakonda, choncho ziwirizi sizigwirana popanda mankhwala ena apadera. Sitachi ndi cellulose zonse zimakonda madzi, ndipo pakhungu pawo pali timagulu tofanana ta oxygen ndi hydrogen timene timakokana, kotero kuti kapepalako kakamauma, sitachi amamatirira kaulusi kalikonse. Munthu akakoka kapepalako, mphamvu yokokayo imadutsa mu sitachi wofewa n'kukasenzedwa ndi timaulusi touma. Koma chimene chimalimbitsa kwenikweni si kaulusi kamodzikamodzi. Mu 1995 ofufuza a ku Grenoble ku France, Favier, Chanzy ndi Cavaillé, anaonetsa kuti timaulusi tikachuluka kufika pa mlingo wakutiwakuti timayamba kukhudzana tokhatokha n'kupanga ukonde wolumikizana kuchokera mbali ina ya kapepala kufika mbali ina, ndipo kuuma kumakwera mwadzidzidzi kuposa mmene masamu a kusakaniza wamba amanenera. Iwo anagwiritsa ntchito cellulose wochokera ku tinyama ta m'nyanja yamchere totchedwa tunicate, osati ku zomera, koma mfundoyo ndi yomweyo. Patapita zaka zitatu, mu 1998, Alain Dufresne ndi Michel Vignon anayesa zimenezi pa sitachi wa mbatata ya kachewere, pogwiritsa ntchito timaulusi tochokera ku zotsalira za mbatata yomweyo, ndipo anapeza kuti kapepalako kanalimba komanso kanachepetsa kumwa chinyezi.

Mlingo wake ndi waung'ono. Kafukufuku wambiri amathira nanocellulose pakati pa 1 ndi 10 peresenti ya kulemera kwa sitachi, ndipo kawirikawiri phindu limaleka kukwera penapake pakati pa manambala amenewa. Akachuluka, timaulusi timayamba kugwirana tokhatokha n'kupanga mibulu, ndipo m'bulu uliwonse umasanduka poyambira kung'ambika. Kulimba kumabweranso ndi mtengo wake, pakuti kapepala kolimbitsidwa kamatamuka pang'ono chabe kasanaduke, pomwe jumbo yonyamulira katundu imafunika kutamuka. Ngakhale glycerine amene timadalira amasokoneza, chifukwa kafukufuku wina wa ku Grenoble komweko anaonetsa kuti amakonda kuunjikana m'mbali mwa timaulusi, pamalo penipeni pamene sitachi ndi cellulose ziyenera kugwirana.

Pa nkhani ya madzi ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amalemba za nanocellulose ngati mankhwala ochiza matenda onse a sitachi. N'zoona kuti nthunzi imavutika kudutsa m'kapepala kokhala ndi timaulusi, chifukwa imayenera kuzungulira kaulusi kalikonse m'malo moloboza molunjika, ndiponso n'zoona kuti ukonde uja umaletsa sitachi kutupa momasuka. Koma kuchepetsa kumwa chinyezi si kukana madzi. Zonse ziwiri zimakonda madzi, ndipo kuphatikiza zinthu ziwiri zokonda madzi sikungatulutse chinthu chodana nawo. Jumbo yotere mukaikamo nyama ya kubutchala, chambo cha m'madzi oundana kapena masamba owazidwa madzi, imafooka musanafike kunyumba. Makampani amene anachita bwino pa malonda amenewa anavomereza zimenezi kalekale. Mater-Bi, pulasitiki wa kampani ya Novamont ku Italy amene majumbo ambiri a m'masitolo kumeneko amapangidwa naye, si sitachi yekha, koma sitachi wosakanizidwa ndi mitundu ya polyester imene imawola. Ena amathira citric acid, asidi wa m'mandimu, kuti amange maunyolo a sitachi pamodzi, ndipo zimathandiza ndithu, koma sizisandutsa sitachi kukhala polythene, pulasitiki wa majumbo wamba.

Kuno ku Kasungu anthu ambiri akamva za pulasitiki wowola amaganiza msanga za machubu a mbande za mitengo. Ganizoli n'lomveka, pakuti chaka ndi chaka manazale a alimi a fodya ndi a magulu obzala mitengo amagwiritsa ntchito machubu akuda osawerengeka, amene amang'ambidwa pobzala n'kutayidwa m'minda. Chubu chimene chingabzalidwe limodzi ndi mbande n'kuwolera pansi chingakhale chinthu chamtengo wapatali. Vuto n'lakuti mbande imakhala pa nazale miyezi itatu kapena inayi, ikuthiriridwa m'mawa ndi madzulo, itazunguliridwa ndi dothi lodzaza tizilombo timene chakudya chake ndi sitachi. Sitachi wolimbitsidwa ndi nanocellulose yekha sangapirire moyo umenewo. Pamene ndikuona mwayi weniweni ndi pa zinthu zouma ndi zamafuta. Phala la sitachi ndi nanocellulose likapakidwa mopyapyala pa pepala wamba limatseka timabowo ta pepalalo, mafuta n'kulephera kudutsa, ndipo likakhala louma limatchinganso mpweya wa oxygen bwino kwambiri. Mandasi, zitumbuwa, mtedza wokazinga, timapaketi ta mbewu zamasamba ndi sopo wa mtanda n'zinthu zimene masiku ano timakulunga m'majumbo opyapyala kapena m'nyuzipepala zakale zodzaza inki. Pamenepo pepala ndi limene limasenza katundu, ndipo sitachi amangogwira ntchito imene amaitha.

Mawu ena amene amanenedwa mopepuka ndi akuti tidzasandutsa zinyalala za m'munda kukhala pulasitiki. Masamu ake satero. Mapesi a chimanga amakhala ndi cellulose pafupifupi magawo 35 mpaka 40 pa 100 aliwonse, ndipo poyeretsa ndi pomiza mu asidi gawo lalikulu limatayika. Tingoyerekeza kuti pa makilogalamu 100 a mapesi tapeza makilogalamu 10 okha a nanocellulose. Pa mlingo wa 5 peresenti, amenewo akukwanira kulimbitsa sitachi wolemera makilogalamu 200. Ndiye kuti m'jumbo yonse, gawo lochokera ku zotsalira za m'munda ndi laling'ono kwambiri. Gawo lalikulu ndi sitachi, kutsatira glycerine. Tani imodzi ya sitachi imafuna matani 4 kapena 5 a chinangwa chachiwisi, ndipo chinangwacho chiyenera kufika pa fakitale pasanathe masiku awiri kapena atatu chichokereni m'munda, chifukwa chikakumbidwa chimayamba kuda ndi kuonongeka. M'dziko limene mtengo wa chimanga umakwera chaka chilichonse ikafika Januwale, ndipo chinangwa ndi chimene mabanja ambiri amapulumukira, kupanga majumbo ndi chakudya ndi nkhani yofunika kuiganizira mofatsa. Sitachi wa chimanga ndingamuchotseretu pa mndandanda. Wa chinangwa chowawa cholimidwira fakitale, kapena wotsalira m'makoko ndi m'madzi otsukira kumene amapanga ufa wa kondowole, monga kwa anansi athu a ku Nkhotakota, ndi amene angakambidwe popanda kulanda chakudya pakamwa pa munthu.

Komanso si chotsalira chilichonse cha m'munda chimene chili chinyalala. Alangizi a zaulimi akhala akutiphunzitsa kwa zaka zambiri kuti mapesi asaotchedwe koma aziphimbira nthaka, ndipo otsalawo ng'ombe zimadya m'chilimwe. Makoko a mtedza, amene amaunjikana pa malo oswera mtedza kuno ndi ku Mchinji, ali ndi ubwino wakuti asonkhana kale pamalo amodzi, koma ali ndi lignin wambiri, kutanthauza mankhwala ochuluka poyeretsa. Zotsalira za nzimbe ku Dwangwa zili ndi ulusi wabwino, koma fakitale ya shuga imaziotcha kuti ipeze nthunzi ndi magetsi. Chimene chimandikopa kwambiri ndi mitengo ya fodya. Alimi amayenera kuizula akamaliza kukolola, pofuna kuti nsabwe ndi matenda monga bushy top zisapeze pobisala mpaka nyengo yotsatira, choncho kuichotsa m'munda sikulimbana ndi uphungu wina uliwonse. Ili ndi ulusi wochuluka, ndipo m'boma limene kuli msika wa fodya wa Chinkhoma siisowa. Chikonga cha m'fodya chimasungunuka potsuka, komabe chokulungira chakudya chochokera kumeneko chingafunike kuyezedwa mosamala chisanaloledwe.

Mbali imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi ya pakati pa munda ndi jumbo. Phesi kapena mtengo wa fodya uyenera kugayidwa, kuphikidwa mu caustic soda kuti hemicellulose ndi lignin zichoke, kuyeretsedwa ndi hydrogen peroxide kapena sodium chlorite, kenaka n'kumizidwa mu asidi kapena kuperedwa. Pa sitepe iliyonse pamafunika madzi ambiri otsukira, ndipo madzi amenewa amatuluka ali ndi soda kapena asidi. Fakitale imene ingawathire mu mtsinje wa Bua ingaononge zambiri kuposa majumbo amene ikufuna kuchotsa. Mankhwalawo ndi ogula ndi ndalama zakunja, ndipo makina operera safuna magetsi ozimazima. Pa zifukwa zimenezi ndimaona kuti njira yopera ndi makina, ngakhale itatulutsa ulusi wokulirapo umene sufika pa mlingo weniweni wa nano, ingatiyenere kuposa ya asidi. Ulusi wa asidi uli ndi chilema chinanso: timagulu ta sulfate timene timatsala pakhungu pake timachititsa kuti uzipsa msanga pa kutentha kwa makina opangira pulasitiki.

Kuumitsa nakonso n'kovuta. Nanocellulose amatuluka ali phala la madzi okhaokha, nthawi zambiri lokhala ndi magawo 2 kapena 3 okha a ulusi pa 100 aliwonse. Mukaliumitsa mwachisawawa timaulusi timamatirirana kotheratu, ndipo mukathiranso madzi sitibalalikanso monga kale. Kulinyamula lili lamadzi kumatanthauza kulipira lole kuti inyamule madzi kuchokera ku Kasungu kupita ku Kanengo. Komanso timapepala tambiri timene timaoneka m'malipoti a kafukufuku timapangidwa monga timachitira m'kalasi, poyala phala n'kudikira kuti liume kwa tsiku kapena masiku, pomwe majumbo a pamsika amapangidwa ndi makina osungunula pulasitiki n'kumufufumitsa ndi mpweya, ndipo m'makina amenewo madzi ochuluka amasanduka nthunzi n'kusiya timathovu. Ngakhale m'maiko olemera ntchitoyi ikadali yaing'ono. Fakitale ya CelluForce ku Windsor m'chigawo cha Quebec ku Canada, imene inatsegulidwa mu 2012 ndipo inatchuka padziko lonse, inamangidwa kuti izitulutsa tani imodzi yokha patsiku.

Mawu akuti chinthu chimawola amafunikanso kufunsidwa mafunso. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 13432 umafuna kuti magawo 90 pa 100 a chinthucho awole pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, koma umanena za kompositi ya m'fakitale imene imatentha cha m'madigiri 58, osati dzala la kuseri kwa nyumba. Sitachi ndi cellulose zokhazokha zimawola m'dothi popanda vuto, koma zikasakanizidwa ndi polyester, kapena, monga ena achinyengo amachitira, ndi polythene wamba, nkhani imasintha. Sitachi amadyedwa, polythene n'kutsala ali tizidutswa tosaoneka. Ngati majumbo olembedwa kuti ndi owola ayamba kulowa m'dziko muno mochuluka, bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi la MEPA, loona za chilengedwe, adzafunika njira yotsimikizira zimene zalembedwazo. Kuwola msanga kulinso ndi mbali yake yoipa, pakuti chimene tizilombo ta m'dothi timachikonda, makoswe, mphemvu ndi chiswe za m'golosale nazonso zimachikonda.

Manambala a kulimba amene amasindikizidwa m'malipoti amayezedwa kawirikawiri kapepala katasungidwa pa madigiri 23 ndi chinyezi cha 50 peresenti, chifukwa umo ndi mmene miyezo ya mapulasitiki imafunira. Kasungu sakhala pa chinyezi chimenecho miyezi yambiri ya chaka. M'chilimwe chimatsika kwambiri, m'dzinja chimakwera kwambiri. Wophunzira wa ku Bunda kapena ku MUST amene akufuna kuchita kafukufuku wothandiza pa nkhaniyi atenge ulusi wa mitengo ya fodya woperedwa ndi makina, ausakanize ndi sitachi wa chinangwa chowawa pa milingo ingapo, apake phalalo pa pepala la khaki, kenaka asiye mapaketiwo pa alumali ya golosale yofolera malata kuyambira Okutobala mpaka Marichi, akuyeza mwezi ndi mwezi mmene akung'ambikira, mmene mafuta akudutsira, ndiponso ngati makoswe ayamba kuwadya.